Chaka Chimene Ambuya Analeka Kucheuka

Anthu a ku Nangongwe, komboni yathu ya ku Kafue, akamakumbuka chaka chija amatchula chilala, mtengo wa unga, ndi malaiti amene ankazima tsiku lonse. Ine ndimakumbuka khosi la ambuya anga, ndi dimba la ku Chanyanya.

Novembala

Mayi anga, a Doris, anamwalira ndisanayambe sukulu, ndipo bambo sindinawadziwe. Anandilera ndi ambuya, amene komboni yonse inkawaitana kuti amake Doris. Anabwera ku Kafue kuchokera ku Katete ali mtsikana, kutsatira amuna awo amene ankagwira ntchito pafakitale ya nsalu. Ntchito inatha, amuna anamwalira, iwo anatsala ndi nyumba ya zipinda ziwiri, kamunda kuseri kwa njanji, ndi dishi.

Dishiyo ndiyo inandiphunzitsa sukulu. M'mawa uliwonse ambuya ankapita kusiteshoni kukadikira njinga zobweretsa nsomba kuchokera ku Chanyanya. Ankatenga kwa mnzawo wakalekale, bina Mutinta, mayi wa Chitonga wamtali ndi wokonda kuseka, amene amuna awo ndi ana anali ndi mabwato. Akatero ankasenza pamutu n'kumayenda nyumba ndi nyumba ku Estates, kumayadi.

Panalinso china pakati pa awiriwa. Madzi a mtsinje akabwerera, bina Mutinta ankabwereka ambuya kagawo ka dimba lawo. Panalibe malipiro. Unkangoyenera kupita wekha mu Epulo, kupereka moni, kukhala pamphasa n'kucheza, mpaka mwini anene kuti, "Malo anu ali pamene paja." Zaka za mvula dimbalo linkatipatsa ndiwo chabe. Chaka chimenecho likanatidyetsa.

Ine ndinali nditamaliza sukulu, ndikugwira ntchito yochapa ndi kukolopa panyumba ina ku Estates. Sindilankhula kwambiri, koma ndimaona. Tsiku lobzala ndinaona kuti ambuya saweramitsa mutu poponya mbewu. Ankapinda mawondo ndi chiuno, mutu uli chilili ngati asenza kanthu. Mitambo itasonkhana chakumapiri, aliyense m'minda anakweza maso. Iwo anafunsa ine.

"Velina, kumwamba kuli bwanji?"

"Kwada, ambuya. Simukuona?"

"Ndikufunsa iwe."

Disembala

Kuchipatala tinapita kapu itawapulumuka kawiri sabata imodzi. Ankati zala zikuchita dzanzi. Atawajambula khosi, dokotala wachitsikana anawakhazika pampando.

"Ambuya, munayamba liti kunyamula pamutu?"

"Amako asanabadwe."

Dokotala anaseka. "Yang'anani kumanzere. Iyayi, osati mapewa, khosi chabe. Manje kumanja. Kumwamba. Ikani chibwano pachifuwa."

Mutu unkangosuntha pang'ono n'kuima, ngati chitseko chokhala ndi mwala kuseri. Poyesa kuyang'ana kumwamba ambuya anagwira mpando, nati china chake chatsika msana wonse ngati moto. Dokotala anafotokoza kuti mafupa a m'khosi anadyeka ndipo ayamba kupana mitsempha yopita m'manja ndi m'miyendo. Anapereka mapiritsi ndi kolala yolimba yovala m'khosi, n'kutilembera tsiku lokaonana ndi madokotala aakulu ku Lusaka.

"Koma chachikulu ni ichi," anatero. "Katundu pamutu, basi. Mukapitiriza, manja aya azaleka kugwira."

"Ndiye ndizisenza ndi chiyani, mwanawe? Mapazi?"

Pobwerera tinaima m'mbali mwa msewu waukulu, malole akudutsa motsatizana. Ambuya anatembenuka thupi lonse kumanja, pang'onopang'ono, kenako thupi lonse kumanzere. Pomaliza kuona mbali yachiwiri, mbali yoyamba kunali kutatulukira kale lole ina. Ndinawagwira dzanja. Titaoloka anavula kolala ija n'kuikulunga m'chitenje.

"Za khosizi zithere pano," anatero. "Usauze munthu. Bina Mutinta akamva kuti ndatha, nsomba apatsa wina, dimba apatsa wina. Ndani amabwereketsa malo kwa munthu wosagwira khasu?"

"Koma ndi mnzanu."

"Ndi mnzanga, inde. Alinso ndi abale ambiri. Wamva?"

Ndinati ndamva.

Januwale

Kubisa kunali kosavuta poyamba, chifukwa miyezi imeneyi usodzi umakhala woletsedwa ndipo dishi inali pakhoma. Kolala ankavala m'nyumba mokha. Wina akagogoda, ankayamba avula n'kuibisa pansi pa pilo.

Mwezi umenewo ndinaphunzira kuchuluka kwa ntchito imene khosi limagwira munthu osadziwa. Tiyi wotsalira pansi pa kapu sankamumaliza, chifukwa kuti umalize uyenera kukweza chibwano. Kusesa, tinachita kumangirira tsache kumtengo. Kupeta ankapeta osaona lichero, akungomva ndi manja. Zovala ankayanika pampanda, chingwe chinali chitatalika. Kutchalitchi abusa akati tiweramitse mitu, iwo ankangotseka maso. Munthu akawapatsa moni kuchokera kumbali ankayankha akuyang'ana kutsogolo, ndipo ndinkaona ena akudabwa.

Chimanga chinali chitamera bwino. Tinathira feteleza. Kenako, chapakati pa mwezi, mvula inadula.

Febuluwale

Sindinaonepo dzuwa lotero. Chimanga chinamasula ngayaye chili chachifupi, masamba atapindika ngati anyezi. M'mawa anthu ankapita kumunda kukangoima.

Unga unakwera mpaka ambiri analeka kugula thumba, n'kumagula timapepala ting'onoting'ono ta pamela tokwana mphika umodzi. Mphekesera zinali tsiku ndi tsiku: kuti chimanga cha boma chabwera padepoti, kuti chatha, kuti chinapita kunja. Oyandikana nafe, ba Chanda, anagulitsa wailesi yakanema n'kuyamba malonda a makala. Achinyamata a tchalitchi cha pafupi analengeza kusala kudya kuti mvula igwe, ndipo ba Chanda anawauza pampanda kuti, "Ise kuno tinayamba kudala kusala, mwachedwa imwe."

Aliyense ankayenda maso ali kumwamba. Ambuya anatopa kundifunsa. Tsiku lina ndinawapeza pakhomo atakhala pampando, dishi ya nsomba ija ili patsogolo pawo patali pang'ono, muli madzi. Ndinayesa akufuna kuchapa.

"Usaigwedeze," anatero. "Ndikuona mitambo."

M'dishimo munali thambo loyera, lopanda kanthu.

Kumapeto kwa mwezi uthenga unafika kuti amuna a bina Mutinta amwalira. Tinakwera basi ya ku Chanyanya. Msewu wake ndi wamabampu, ndipo ambuya ulendo wonse anagwira chibwano ndi manja awiri, kolala ataisiya kunyumba. Pamaliro amayi anzawo ankatunga madzi ndi kusenza nkhuni, iwo anangokhala tsonga pakona. Zimenezo anthu akanaziiwala. Koma kwathu mnzako weniweni akaferedwa umagona pamaliro, pansi, pambali pake, mpaka kuika. Ambuya sakanatha kugona pansi popanda pilo ndi kolala. Akanalephera kudzuka pamaso pa anthu onse. Dzuwa litapendeka anaimirira.

"Amake Doris, muyenda?" anafunsa bina Mutinta, mawu atasasa ndi kulira.

"Nyumba ili yokha. Ndibwera mawa."

Mawa lake khosi linali litauma ndi mabampu aja, sanathe ngakhale kukhala tsonga. Kuika maliro ndinapita ndekha. Amayi ena anandifunsa kuti ambuya ali kuti, ndipo ndinati ali kumunda. Aliyense ankadziwa kuti kumunda kunalibe chochita.

Malichi

Usodzi utatsegulidwa, nsomba ankabweretsa ndi ana a bina Mutinta. Ambuya ankatenga zochepa, zokwana m'kabaketi konyamula m'manja, n'kumati makasitomala alibe ndalama. Zinalinso zoona.

Loweruka lina tikuchokera kuchigayo tinadutsa pasiteshoni. Ine ndinasenza kathumba, iwo ali patsogolo. Kumanzere kwathu, pakati pa njinga ndi amayi ogula nsomba, panali bina Mutinta atavala duku yakuda. Linali tsiku lawo loyamba kubwera m'tauni chichitikireni maliro.

"Amake Doris!" anaitana, atakweza dzanja.

Ambuya anachepetsa liwiro. Kuti awaone akanayenera kuima, kusuntha phazi limodzi, kenako linalo, kutembenuka thupi lonse monga ankachitira pamsewu, amayi onse a nsomba akuonerera.

"Ambuya, ndi bina Mutinta," ndinanong'ona.

"Ndamva. Tiye."

"Akuitana inu."

"Ndidzapita kwawo ndikapereke moni bwinobwino. Yenda."

Anapitirira akuyang'ana kutsogolo. Ine ndinacheuka. Dzanja la bina Mutinta linali likadali m'mwamba, kenako linatsika pang'onopang'ono n'kukakonza duku imene sinasokonekere.

Epulo

Tinapita kukapereka moni uja. Ambuya anagula kapaketi ka shuga ndi ndalama imene ikanagula unga. Ku Chanyanya madzi anali atabwerera kale kwambiri, ndipo m'mphepete monse anthu anali kalikiliki kugaula. Ena ndinawazindikira, a ku Nangongwe omwe, amene sanagwirepo khasu la m'dimba.

Bina Mutinta anatiyalira mphasa. Ambuya anakhala movutikira, msana uli njo, maso ali patsogolo. Mwini nyumba anakhala chakumbali kwawo, akusankha nyemba. Anakamba za dzuwa, za nsomba zimene zachepa, za mwana wina wodwala. Palibe anaseka. Ine ndinkadikira mawu aja.

Pomaliza ambuya anafunsa okha, chinthu chimene sanachitepo. "Nanga malo aja?"

Bina Mutinta sanakweze maso. "Malo aja napasa alamu anga. Anagona pano sabata yonse ya maliro. Bana bao balibe chakudya."

"Chabwino."

"Nenze niganiza kuti chaka chino simufuna vinthu va ku Chanyanya."

Ndinayang'ana ambuya. Zikanangotengera mawu ochepa chabe. Ndinatsegula pakamwa, koma dzanja lawo linandigwira bondo. Linalibe mphamvu, komabe ndinamva chimene linkanena.

"Alamu anu achita mwayi," anatero ambuya. "Nthaka yake ndi yabwino."

Shuga anamulandira. Anatiperekeza mpaka pampanda pokha, osati mpaka pamsewu monga kale.

M'basi ndinati, "Mukanawauza."

"Kuti andipatse chifukwa cha chisoni? Alande alamu awo?"



Meyi

Zokolola za munda wonse tinabwera nazo pawilibala ya ba Chanda, ulendo umodzi, ndipo sinadzaze. Zitsononkho zinali ngati zala, zina zopanda njere. Tinatong'ola tsiku limodzi. Kunena zoona ndinatong'ola ndine, chifukwa chala chachikulu cha ambuya chinkangotsetsereka panjere.

Tsiku la ku Lusaka linafika n'kudutsa. Ndalama ya basi tinali titadya.

Juni ndi Julaye

Kunazizira, ndipo nshima inakhala ya kamodzi patsiku. Kuntchito kwanga anandiuza kuti ndizibwera masiku ena okha, poti nawonso zinthu zawathina. Ana a bina Mutinta sankatisungiranso nsomba. Sanatikanize, koma tikafika zinkakhala zitatha. Mayina a olandira thandizo analembedwa, ndipo tinauzidwa kuti tidikire.

Masiku amene ndinali kuntchito ndinkapeza ambuya atagona masana, chinthu chimene sichinali khalidwe lawo. Ndinkapezanso kapamela patebulo. Ankati wawapatsa ndi munthu wa kutchalitchi. Kenako ndinaona fumbi lakuda m'makwinya a duku yawo, ndi nkhata yatsopano kuseri kwa chitseko.

Ndinapita kwa ba Chanda.

"Ni beve banabwera kupempha," anatero, akukanda m'mutu. "Bakamba ati, nipaseni nchito yopereka malasha ku ma order ya ku Estates. Nabauza ati ni yolema. Bakamba ati, iwe mwana, nanyamula nsomba usanabadwe. Manje nikanachita bwanji? Badwala?"

Ndinati ayi, sadwala. Mpaka pamenepo ndinali ndikusungabe lonjezo.

Madzulo ndinawadandaulira. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza.

"Dimba likanakhalapo, bwenzi pano tikudya maungu ndi chimanga chikukula," anatero. "Palibe. Ukufuna ndizikhala pampando ndikuonerera iwe ukuonda? Ndinalonjeza Doris."

Ndinabisa nkhata. Anapota ina.

Anagwa chakumapeto kwa Julaye, pafupi ndi njanji, thumba la makala lili pamutu. Sanapunthwe pa chilichonse. Anati miyendo inangochoka. Anyamata anawabweretsa pawilibala yomwe ija. Kuchipatala anagonako masiku angapo. Anatuluka akuyenda pang'ono ndi ndodo, mapazi akukwekwereza, koma zala sizinabwerere. Dokotala uja sanakalipe. Anangoyang'ana manjawo nthawi yaitali.

Ogasiti

Tsopano kolala inali yosavula, ndipo panalibenso chobisa, popeza komboni yonse inaona wilibala. Ndinkawamanga chitenje, kuwasambitsa, kuwaumbira nshima n'kuwaika m'dzanja.

Masana ena ndikuwamwetsa phala pakhomo, ndinamva njinga ikuima pampanda. Anali bina Mutinta, atakwezedwa ndi mwana wawo. Analowa osaodira. Anaima chakumbali n'kuyang'ana kolala, ndodo, ndi supuni imene inali m'dzanja langa.

"Ndani?" anafunsa ambuya, poti sankatha kuona mbaliyo.

"Ndine."

Bina Mutinta analoza kolala ija.

"Vinayamba liti ivi?" Funsolo linali kwa ine.

Ndinayang'ana ambuya. Sanandiletse. "Chisanafike Khirisimasi," ndinatero. Ndipo ndinafotokoza zonse: za kuchipatala, za kugona pansi, za pasiteshoni.

Bina Mutinta anakhala pansi pomwe anaimapo, pafumbi.

"Amake Doris, ndimwe chipuba," anatero motsitsa mawu. "Chitsiru chikulu maningi. Zaka zonse izi. Munaona monga nimakupasani dimba chifukwa mulima bwino? Mulima mizere yokhota monga njoka. Bana banga ndiye benze kukonza mukayenda."

Ambuya anayamba kuseka, koma kuseka kunawapweteka, misozi n'kutsika pakolala.

"Sembe munakamba chabe," anapitiriza. "Sembe natuma banyamata balima, uyu mwana azibwera kutenga. Alamu banga sembe nabapasa kwinangu. Ine nenze nagona pa maliro ya bamuna banga niganiza ati, nanga uja nam'lakwira chani?"

"Ndinkaopa," anatero ambuya.

"Kuyopa ine?"

"Kuopa kutha."

Malo anali atabzalidwa kale ndi ena, ndipo manja anali atapita. Bina Mutinta anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, anaimirira, natenga kampando kanga. Anakayika kutsogolo kwenikweni kwa ambuya, mawondo awo kugundana.

"Apa muniona?"

"Ndikukuonani."

"Nipase supuni, iwe."

Seputembala

Chimanga cha m'dimba chitakhwima, njinga inayamba kuima pampanda pathu Loweruka lililonse. Inkabweretsa chimanga chachiwisi, maungu, nthawi zina tinsomba. China chinkachokera pamalo omwe aja. Alamu a bina Mutinta atamva nkhaniyo ankapatula okha. Ndi chimene chinatifikitsa kumvula. Ambuya sankatha kukukuta pachitsononkho, chifukwa nazonso zimafuna khosi, choncho ndinkawatong'olera m'mbale.

Ndimaganizabe za mphasa ija ya mu Epulo. Chakudya chimene tinalandira mu Seputembala chinalipo kale tsiku limenelo, m'manja mwa munthu yemweyo, ndipo manja a ambuya anali akugwirabe.

Novembala

Epulo wotsatira ndinapita ndekha ku Chanyanya, ndipo ndisanakhale n'komwe bina Mutinta anati, "Malo yanu yali pamene paja." Ndimalimako mpaka lero. Ambuya sanapondekonso, msewu uja sakanaupirira.

Koma chaka chija ndimachitsekera pa tsiku limene mvula inabwerera. Kunatentha kuyambira m'mawa, ndipo masana mphepo inasintha. Ana anayamba kuthamanga m'njira, ba Chanda akukokera matumba a makala pakhonde. Ndinatulutsa mpando wa ambuya, ndinathira madzi m'dishi n'kuiika patsogolo pawo, pamalo amene maso awo amafika.

M'dishimo munali mutada. Dontho loyamba linagwera pakati, thambo lonse n'kugwedezeka.

"Yabwera," anatero ambuya. "Mbewu uli nayo?"

"Ndili nayo."

"Mawa ulawire. Ine ndikhala pano."

Anayesa kupinda zala ngati agwira mpini, n'kuzisiya pamiyendo. Mvula inakula, koma anakana kulowa m'nyumba mpaka dishi inasefukira.